Zimene Zinali M'bokosi la Wosita

9 Malichi

Wokondedwa mayi a ana anga,

Choyamba ndimve za moyo wanu, inu ndi ana awiriwo, ndi amayi. Chifuwa cha wamng'ono chija chinatha? Ine kuno ndili bwino. Mlongo wanunso ali bwino, kungoti akudya ngati anthu awiri ndipo akulankhula ngati anthu asanu.

Musadabwe kuti ndikulemba kalata ngati munthu wakalekale. Mafoni athu anatilanda tsiku lomwe tinafika, pamodzi ndi mapasipoti, n'kuzitsekera m'kabati yachitsulo ya mu ofesi. Akuti m'chipinda chogona anthu khumi ndi anayi zinthu zimasowa. Kalatayi ndipatsira dalaivala wa lole yobweretsa zikopa, amene amabwera Lachisanu lililonse. Ndi munthu wakwathu, ndipo wati mayankho muzitumiza pa adiresi yake imene ndalemba kuseliku.

Ntchito yake ndi ya zikopa za ng'ombe. Zimabwera zothira mchere, zouma gwa. Timaziviika m'madzi, kenako m'maenje a laimu kuti ubweya usosoke, ndiye timazipala ndi mipeni yaitali ya zigwiriro ziwiri. Ine ndi mlamu tili ku maenje. Fungo lake sindilemba, mungataye kalata musanaimalize. Ndikadzabwera mudzandigoneke panja mlungu wathunthu, sindidzadandaula.

Koma nkhani imene yandilembetsa ndi ina. Anthu ankavuta kuti Lamlungu azitilola kupita ku tawuni. M'malo motsegula geti, kapitawo anabweretsa TV n'kuipachika m'chipinda chodyera, pamwamba pa zenera lolandirira chakudya. Chiyambire pamenepo palibe watchulanso za tawuni. Lamlungu lililonse 3 koloko masana pamakhala sewero la mayi wolemera, mwini fakitale yosoka zovala, ndipo amuna akuluakulu andevu amakankhana kulimbirana benchi yakutsogolo.

Seweroli lili m'chilankhulo cha kuno, pamene anzangawa amangodziwa mawu atatu: bwera, nyamula, fulumira. Ndiye zaka zinayi zija ndinagwira ntchito ya m'dimba ulendo woyamba uja zandipindulira. Ndimaima pambali pa TV n'kumamasulira, za amuna ndi mawu aakulu, za akazi ndi kamawu kang'ono kopanikiza mphuno. Andipatsa dzina loti Wailesi.

Maina a m'seweromo ndi opotokola lilime, choncho tinawapatsa athu. Mwini fakitale ndi Mayi Ndolo, chifukwa ndolo zawo n'zazikulu ngati zivundikiro za mapoto. Mwana wawo wamkazi ndi Kamagalasi. Ndiye pali mwamuna wina wosauka, wa malaya amodzi, amene amasita zovala m'fakitalemo. Timangomuti Wosita. Kamagalasi amamufuna, iye amangoyang'ana pansi.

Mlongo wanu zimenezi zimamupweteka ngati zikuchitikira iyeyo. Lero wakuwa ali chilili pa benchi, “Alamu, muuzeni aleke manyazi! Mkazi wabwera yekha, iye akuyang'ana kolala!”

A Mchere, mkulu amene amathiranso mchere zikopa tikatha kuzipala, amuyankha kuti, “Khala pansi iwe. Mwana wa bwana akamufuna, achotsedwa ntchito ndi ndani? Mwana wa bwanayo?”

Mkangano umenewu wafika mpaka potsuka mbale. Kapitawo nayenso amaonera, amakhala pa mpando wake kumbuyo pafupi ndi chitseko. Iye amamva zilankhulo zonse ziwiri. Ndaona kuti TV saiyang'ana kwenikweni, amayang'ana ifeyo, makamaka amene wakuwa.

Kodi kwa akulu anu seweroli limaoneka? Ngati limaoneka muzikaonera, tizikangana pa kalata. Nsapato za wamkulu ndatuma dalaivala, zibwera ndi kalata yotsatira. Chitseko chakumbuyo chija musachisiye chili lende, itanani kalipentala.

Ine wanu,
Bambo a ana

2 Epulo

Wokondedwa mayi a ana anga,

Kalata yanu inafika Lachisanu. Ndasangalala kumva kuti chifuwa chinatha ndiponso kuti amayi ayambanso kuyenda okha. Ife kuno tilipo.

Ndiye mwati kwa akulu anu limaoneka katatu pa mlungu, ndipo analimasulira kale m'chilankhulo chathu? Ndiye kuti mwatipitirira kutali. Chonde musandiuze zakutsogolo. Mwatinso wolimba mtima m'seweroli ndi Kamagalasi, Wosita akukukumbutsani munthu wina amene anatha chaka chathunthu akudutsa pakhomo panu n'kumangofunsa za moyo wa nkhuku. Munthu ameneyo ndamudziwa, ndipo akuti nkhukuzo zinalidi zodwala. Koma pa Wosita sindikugwirizana nanu. Si manyazi amenewo, ndi mantha. Munthu amene chakudya chake chili m'manja mwa wina amayeza mawu asanawatulutse.

Lachiwiri la mlungu watha mnzathu wina, timamuti Wamtali, anatsikira m'dzenje la laimu kukatsegula paipi imene inatsekeka. Mpweya wa pansi pamenepo ndi woipa. Tinamukoka ndi chingwe atalefukiratu. Kunabwera galimoto yotseka, yopanda mawindo kumbuyo, akuti ya kuchipatala. Kapitawo akuti akupeza bwino. Matiresi a pabedi lake anawachotsa tsiku lomwelo. Sindinena zambiri.

Lamlungu ndiye sewero linatiipira. Inu mukudziwa kale, ndi pamene fakitale ya Mayi Ndolo inagwira moto. Azimayi osoka aja akuthamangira ku chitseko, chitseko chomangidwa ndi unyolo kunja, makiyi ali m'chikwama cha Mayi Ndolo. Ndinamasulira kulira kwawo mpaka mawu anandithera, kamawu koseketsa kaja sindinakagwiritse. Kenako anatulutsa mayi mmodzi amene anafera m'motomo. Masiku onse pamakhala wina woti “zabodza izi, ndi utoto uwo.” Tsikuli panalibe.

Ndiye mlongo wanu, pakamwa pake paja mumapadziwa, anati, “Unyolo umenewo ndi wofanana ndi wa pa geti lathu.”

Kapitawo anaseka kumbuyo kuja. “Wanena ndani?”

“Ndine, a kapitawo. Ndimangoyamikira unyolo.”

Ena anaseka pang'ono.

Lolemba kapitawo anandiitana mu ofesi. Anandipatsa mpando, anandithirira tiyi, kabati yachitsulo ija ili kumbuyo kwake. Anati seweroli iye analionera kale lonse chaka chatha. Kenako anati, “Wailesi, iwe umamasulira bwino. Mwina bwino mopitirira. Loweruka lililonse uzibwera kuno tizikambirana za mawa lake.” Potuluka anandipatsa magolovesi atsopano ofika m'zigongono, pamene anzanga akugwira laimu ndi ong'ambika. Ndi abwino ndithu, koma sindinawavalebe.

Nsapato zija nazi. Ngati zakula muikemo mapepala, mwendo wake ukukula msanga. Mlongo wanu mukamamulembera mumuuze kuti azichepetsa nthabwala.

Ine wanu,
Bambo a ana

23 Epulo

Mayi a ana anga,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino. Ine thupi lili bwino. Andichotsa ku maenje, tsopano ndili ku shedi yoanikira zikopa, kopanda laimu, ndipo zala zayamba kupola. Musasangalale nazo, werengani kaye.

Pali chinthu chimene ndachita, ndipo ndilibe wina womuuza. Loweruka lina kapitawo anandiuza kuti, “Mawa Wosita alowa mu ofesi ya Mayi Ndolo n'kunyamula bokosi lachitsulo. M'bokosimo muli mapasipoti a antchito, akufuna akawaonetse ku ofesi yoona za antchito, akanenenso za unyolo uja. Iwe unene kuti muli malipiro a azimayi osoka, ndipo waba.”

Ndinamufunsa kuti bwanji osangozimitsa TV. Anati, “Ndikazimitsa ayambanso za tawuni. Komanso ndikufuna aone mmene amathera munthu wogwira kabati ya abwana.” Atatero anamwa tiyi n'kufunsa ngati akufunsa za nyengo, “Mlamu wako uja amatsika bwino makwerero? Paipi ya m'dzenje ija imakonda kutsekeka.”

Ndiye ndinanena, mayi a ana. Wosita akunyamula bokosi, akuuza Kamagalasi kuti anthu awa sangabwerere kwawo popanda timabukuti, ine ndili pambali ndi mawu anga aakulu aja, “Ndalama izi ndi zanga tsopano, akazi amenewa adziwa okha.”

Chipinda chonse chinaphulika. “Wakuba! Galu!” A Mchere analavula pansi n'kunena kuti ankamuona kale, munthu wongoyang'ana pansi sakhala wabwino. Wophika anati amugwire amuthyole manja ositirawo. Anthu omwewa dzana ankamufunira ukwati.

Mlongo wanu yekha ndi amene sanakuwe. Anafunsa chapansipansi, “Alamu, mwamva bwino?”

“Ndamva bwino.”

“Nanga bwanji akulira? Wakuba amalira akamanyamula katundu?”

Ine ndinati, “Akulira chifukwa bokosi ndi lolemera.” Anthu anaseka mpaka kugwa pa mabenchi. Chiyambire kumasulira sindinasekedwepo choncho, ndipo kuseka kumeneko ndimakumvabe m'makutu. Mlamu tsiku limenelo chakudya sanachikhudze. Iye uja!

Tsopano bodza likudziyendera lokha. Apolisi a Mayi Ndolo akumusaka Wosita, zithunzi zikugwirizana ndi zanga, ine ndimangosintha mawu. Bokosilo silinatsegulidwebe, masewero awa amakoka nkhani ngati chingamu. Koma tsiku lina lidzatsegulidwa anthu akuona, ndipo sindikudziwa kuti ndidzaima pati.

Ndili ndi manyazi, ndikuvomera. Koma chiyambire zimenezi mlongo wanu sanatumidwe m'dzenje ngakhale kamodzi. Ndiye pempho langa ndi ili, ndipo ndikupempha ndi manja awiri. Ndikudziwa kuti mumamulembera kalata yake payekha. Za seweroli musamulembere kalikonse. Mulembereni za amayi, za ana, za nkhuku, koma Wosita musamutchule.

Ine wanu,
Bambo a ana

15 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni nonse. Ndamva kuti nsapato zakwana, zikomo. Ife tili moyo.

Makalata athu anaphonyana panjira. Yanu yopita kwa mlamu inafika Lachisanu, ndipo ndaona pa deti kuti munailemba yanga isanakupezeni. Musadziimbe mlandu, munangolemba zimene munaona. Anandionetsa yekha mzere wake: “Wosita wako uja ndi mwamuna weniweni, mapasipoti a anzake wawabisa pansi pa bedi la azakhali ake ndipo walumbira kuti akawafikitsa.”

Masiku asanu sanandilankhule. Patebulo ankakhala kumapeto, bedi lake analikokera ku khoma lina. Dzulo titaweruka anandipeza pa mpopi ndikuchapa epuloni, panalibe wina.

“Alamu, mlongo wanga ndi wabodza?”

“Ayi.”

“Ndiye wabodza ndani?”

Ndinamuuza zonse, za tiyi, za paipi, za makwerero. Ndinati, “Ndinachitira iwe, mlamu. Ukanatha ngati Wamtali.”

“Munandifunsa? Ine ndimati mwina chilankhulo chakuvutani, kani munagulidwa ndi magolovesi.” Anatseka mpopi kuti ndimumve bwino. “Anthu khumi ndi awiri tatukwana munthu wosalakwa milungu yonseyi, inu mukutitsogolera. Ndiuzeni chinthu chimodzi, ndipo musandimasulire. Ofesi imene akupitako Wositayo iliko ndithu kuno, kapena ndi za m'sewero?”

Mayi a ana, iliko. Ndinkaidutsa pa basi ulendo woyamba uja. Ndinafuna kunamanso, koma pakamwa panakana. Ndinati iliko.

“Ndiye a Mchere akhala muno zaka zitatu osadziwa. Wophika sakudziwa. Wamtali sanadziwe.” Anandiyang'ana ndi maso aja ofanana ndi anu, amene mumandiyang'ana nawo ndikabwera ndi nkhani yopindapinda. “Lamlungu munene nokha. Mukapanda kunena, ndinena ndine.”

Ndinamugwira mkono, ndinamukumbutsa za amayi, ndinati tidikire sewero lithe, tidikire tipeze njira. Anangochotsa dzanja langa mwaulemu n'kupita.

Mlamu uja amene ankaseketsa chipinda chonse tsopano akuyenda ngati wanyamula mwala m'chifuwa. Kapitawo waona kale kuti sitikudyera pamodzi. M'mawa uno wandifunsa akumwetulira, “Pachilamu pavuta?” Ndati ndi nkhani za kumudzi.

Kalatayi ikamakupezani Lamlungu likhala litadutsa. Palibe chimene mungachite, kungoti ndimafuna wina adziwe. Kalipentala uja anabwera?

Ine wanu,
Bambo a ana

22 Meyi

Mayi a ana anga,

Moni. Muwerenge kalatayi muli nokha, ana atapita kusukulu.

Lamlungu sindinanene. Ndinaima pamalo panga, ndinatsegula pakamwa, zimene zinatuluka ndi za kapitawo. Pamene Wosita ankasuzumira pansi pa bedi la azakhali ake, mlongo wanu anaimirira, anatulutsa kalata yanu m'thumba n'kuwerenga mzere uja mokweza. Kenako anati, “Anzanga, m'bokosimo mulibe ndalama. Muli mapasipoti ngati athu amene ali m'kabati. Akupita nawo ku ofesi yoona za antchito, ndipo ofesi imeneyo kuno iliko.”

Ndinkayembekeza kuti kapitawo akalipa. Sanakalipe. Anachepetsa mawu a TV n'kunena mokoma, “Tili ndi omasulira awiri tsopano. Wailesi, tiuze, m'bokosimo muli chiyani?”

Maso onse anali pa ine. Ndikuuzeni zimene ndinaganiza, kaya mundikhulupirira kaya ayi. Ndinati ndikaisandutsa nthabwala, anthu aseka, kapitawo aona kuti palibe wamumvera, nkhani ithera pomwepo. Ndiye ndinati, “Muli ndalama. Alamu angawa amamukonda Wosita kuposa mmene amamukondera Kamagalasi, mpaka alemberana ndi mlongo wawo kuti amupulumutse.”

Anaseka. A Mchere anati, “Khala pansi mwana, za akazi zimenezo.” Mlamu anapinda kalata yanu bwinobwino, anaibweza m'thumba n'kukhala pansi. Anaonera sewero mpaka kumapeto osandiyang'ana.

Lolemba kunalibe kanthu, ndipo ndinayamba kupuma. Lachiwiri m'mawa, tikuyala zikopa pa mitanda, galimoto yotseka ija inalowa. Kapitawo anati mlamu akufunika ku nthambi ina ya kampani, kuli ntchito yabwino yopanda fungo. Sanamulole kukatenga chikwama, anakwera ndi epuloni ndi majombo. Podutsa pa shedi anandiona, anaima pang'ono n'kunena kuti, “Alamu, mudzandiuze mmene lathera.”

Kapu yake ikadali pa msomali. Matiresi anachotsa masana omwewo. Dalaivala ndimufunsa mawa, koma anandiuzapo kale kuti wabweretsa zikopa kuno zaka zisanu ndi chimodzi ndipo sanamvepo za nthambi ina.

Ndinamutenga pakhomo panu ndine, ndinalonjeza amayi kuti ndidzamuyang'anira. Bodza langa silinamuteteze, linangomusiya ali yekha pakati pa anthu oseka. Mtima ukundiwawa moti sindikudziwa kuti ndikhale bwanji. Amayi musawauze kaye, mwina timva kanthu mlungu uno.

Ine,
Bambo a ana

20 Juni

Mayi a ana anga,

Ndifunsabe za moyo wanu ngakhale inu simunafunse za wanga. Kalata yanu ndinailandira mlungu watha, mizere itatu yopanda moni. “Amayi ndawauza. Mlongo wanga ali kuti? Mathero a sewero musandifunse, Wailesi ndinu.” Mwalemba bwino, sindikudandaula.

Kumene ali sindikudziwa. Dalaivala wafunsa anzake a malole ena, palibe wamva kanthu. Ndinafunsa kapitawo, anati akudya bwino ndipo akupereka moni. Anatero ndi mawu omwe aja ankanenera za Wamtali.

Lamlungu likubwerali ndi gawo lomaliza, analengeza okha pa TV. Kapitawo sanadikire Loweruka, anandiitana dzulo. Akuti bokosi litsegulidwa ndipo mapasipoti aoneka. Ine ndinene kuti Wosita anaba mapasipotiwo kuti akagulitse, ndipo kumene wapitako ndi kwa ogula. Anandithiriranso tiyi. Ndinavomera ndi mutu, tiyi ndinamusiya.

Sindinena zimenezo. Ndiyambira pa bokosi, ndiwauza zonse, kenako ndimasulira mawu ndi mawu mpaka pamene andiletsere. Musaganize kuti ndalimba mtima. Kungoti masiku ano ndikaima pambali pa TV ndimaona malo a mlamu pa benchi, palibe amakhalapo. Anthunso anasiya kukuwa. Amangoonera, ndipo nthabwala zanga saseka.

Ndalembanso pepala lina m'chilankhulo cha kuno. Muli maina athu tonse, kuphatikizapo la mlamu ndi la Wamtali, masiku amene anatengedwa, nambala ya galimoto yotseka, ndi malo amene kabati ili. Ndiliika pansi pa thumba la mchere lakumapeto, pamene a Mchere okha amagwirapo.

Tsopano mverani. M'sutikesi yakuda, pansi pa zovala zakale za ana, muli chithunzi cha pasipoti yanga ndi pepala la munthu amene anatilemba ntchito. Milungu itatu ikadutsa osalandira kalata, mupite nazo kwa amuna a akulu anu, amadziwa maofesi. Makalata onsewa musunge pamodzi, muwaonetse. Wamkulu asasiye sukulu ngakhale zitavuta bwanji. Wamng'ono azivala juzi m'mawa, chifuwa chake chimabwerera.

Munanena zoona kuti wolimba mtima ndi Kamagalasi. Koma Wosita mumukhululukire pa kuchedwa kwake, ndikudziwa mmene zimakhalira.

Ine wanu, ngati mukundilolabe,
Bambo a ana

26 Juni

Kwa mayi a kunyumba kwa a Wailesi,

Moni mayi. Simundidziwa, ine ndine amene amanditchula a Mchere. Pepani kalembedwe, sukulu sindinapite nayo patali. Ndikhulupirira ana ali bwino.

Amuna anu kuno kulibe. Anawatenga Lolemba pa galimoto yotseka ija. Anakwera okha, ali bwinobwino, wosawamenya pamaso pathu. Kumene apita sitikudziwa. Chikwama chawo ndi cha mlongo wanu tipatsira dalaivala mawa, kapu ya mlongo wanu ili m'kati.

Ndikuuzeni za Lamlungu chifukwa muyenera kudziwa. Sewero lisanayambe amuna anu anapita kumbuyo, anaika magolovesi awo pa miyendo ya kapitawo n'kubwerera kutsogolo. Anati, “Anzanga, ndinakunamizani kuyambira pa bokosi. Mlamu wanga ananena zoona, ine ndinamusandutsa choseketsa.” Kapitawo anati, “Wailesi, ganiza bwino.” Iwo anati, “Ndaganiza miyezi iwiri.”

Sewero linayamba. Wosita analowa mu ofesi yaikulu, anaika bokosi pa tebulo la mayi wina n'kutsegula. Tinaona ndi maso athu, timabuku ngati tathu, tambirimbiri. Amuna anu anamasulira zonse ndi mawu awo enieni, osasintha mawu ngati kale. Za unyolo, za moto, za mayi anafa uja. Mayi wa pa tebuloyo anatsegula kabuku kamodzi, anayang'ana Wosita, anagwira foni. Pamenepo kapitawo anazula chingwe. TV anaitsitsa tsiku lomwelo, pakhoma pangotsala misomali.

Mayi, ine ndi amene ndinalavula pansi chifukwa cha Wosita. Ndinenso amene ndinauza mlongo wanu kuti akhale pansi, za akazi zimenezo. Mawu amenewo akundidya. Mundikhululukire, ndipo muwapepesere kwa amayi anu.

Pepala la amuna anu ndinalipeza pansi pa thumba. Sinditha kuliwerenga, koma maina ndawazindikira. Dalaivala akuti lole imatuluka yopanda katundu, ndipo pansi pa tenti yophimbira zikopa munthu mmodzi akhoza kugona. Ofesi ija akuidziwa, andisiya pafupi. Ndikwera mawa. Ndine wamkulu, ana anga anakula, ndipo amene amawerenga anthu pa geti sayang'ana kwambiri ku nyumba ya mchere. Chilankhulo cha kuno ndimangodziwa bwera, nyamula, fulumira. Ndikawapatsa pepala n'kunena awiri mwa mawu amenewa.

Yankho lanu ine silindipeza, koma kuno kutsala anthu khumi, ndipo andituma kuti ndikufunseni. Inu munaonera mpaka kumapeto. Mayi uja atagwira foni, anaimbira ndani, apolisi enieni kapena Mayi Ndolo? Wosita anamumvera? Azimayi osoka aja analandira timabuku tawo?

Mulembe pa adiresi ya dalaivala, wophika amadziwa kuwerenga. Mulembe mmene zinathera ndendende, ngakhale zitakhala zoipa. Musatikongoletsere, mayi. Zokongoletsa tamva zokwana.

Ine,
A Mchere